Mulungu Afuna Mwana, Osati Waganyu

Belu likalira m'mamawa timadzuka, kusamba, ndi kuthamangira ku tchalitchi. Dzuwa lisanalowe timakhala titatchula liwu loti "Atate" kambirimbiri: pa Misa, pa kolona ndi pa mapemphero a madzulo. Koma abale anga, tiyeni tidzifunse mosabisa: kodi timalitchula ngati ana a m'nyumba, kapena ngati aganyu amene akuwerengera malipiro?

Liwu limene Yesu adatisiyira

Aisraele ankadziwa kale kuti Mulungu ndi Atate a mtundu wawo. Mneneri Hoseya, pa mutu 11, akumufanizira ndi kholo lophunzitsa kamwana kake kuyenda. Koma Yesu adapitirira pamenepo. M'munda wa Getsemani, imfa ili pafupi, adaitana Mulungu ndi liwu la Chiaramu loti Abba, limene ana, aang'ono ndi aakulu omwe, ankaitanira bambo awo pakhomo. Liwuli likupezeka katatu kokha m'Chipangano Chatsopano: Marko 14:36, Aroma 8:15 ndi Agalatiya 4:6. M'malo awiri otsirizawa Paulo Woyera akuphunzitsa kuti Mzimu Woyera amatichotsa mu ukapolo, natipatsa mphamvu yoitana Mulungu monga adamuitanira Yesu.

Ana awiri, nthenda imodzi

Tsegulani Luka 15:11-32. Tidazolowera kulitcha fanizo la mwana wolowerera, koma olowerera m'menemo alimo awiri.

Wamng'ono adapempha gawo lake la chuma bambo ake akali moyo, ngati kuwauza kuti akuchedwa kufa. Adakachimwaza kutali, mpaka adayamba kuweta nkhumba, nyama imene Ayuda sadya. Njala itamupweteka adabwerera, koma osati kudzakhalanso mwana. Iye ankangofuna ganyu kuti mimba ikhute. Bambo ake atamuona ali patali adathamanga, namukumbatira, ndipo za ganyuzo sadapeze mpata wozitchula. Adamuveka mkanjo wabwino, mphete ndi nsapato, zizindikiro za mwana wa m'nyumba.

Wamkulu sadachokepo pakhomo. Koma atamva kuimba ndi kuvina adakana kulowa. Adawerengera bambo ake zaka zimene adawagwirira ntchito osaphwanya lamulo, nadandaula kuti sadalandirepo ngakhale kamwana ka mbuzi. Thupi lidali pakhomo, mtima udali pa ganyu. Ndipo taonani, bambo aja adatulukanso panja kukamupepesa. Adatuluka kawiri tsiku limodzi, chifukwa ana onse awiri ankawafuna m'nyumba.

Papa Yohane Paulo Wachiwiri adalongosola fanizoli m'kalata yake ya Dives in Misericordia ya mu 1980. Adaphunzitsa kuti bamboyo adakhala wokhulupirika ku ubambo wake: chuma chidatha, koma mwana adakhalabe mwana. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. Papa yemweyo adapatula chaka cha 1999 kuti chikhale cha Mulungu Atate pokonzekera Jubile ya 2000.

Kwa ife a m'seminale

Msampha wathu ndi wa mwana wamkulu uja. Munthu atha kusunga nthawi, kukhala chete pa nthawi ya chete, kukhoza mayeso ndi kulima bwino ku dimba, koma zonsezi akuzichita poopa kubwezedwa kunyumba. Malamulo ndi abwino, koma Mulungu sadatiitane kuti timulembere chikalata cha ngongole. Mseminale amene amuona Mulungu ngati kapitawo, akadzakhala wansembe adzakhalanso kapitawo: wouma mtima polapitsa, wansanje pamene wochimwa alandiridwa.

Tisaiwale kuti kwa ena mwa ife liwu loti "bambo" limawawa. Ena bambo awo adamwalira, ena adawathawa, ena amawakumbukira ndi ukali wokha, ndipo adaleredwa ndi amayi, agogo kapena malume. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika wa mu 1992, pa ndime 239, akuvomereza kuti makolo a pansi pano amalakwa ndipo atha kuipitsa nkhope ya ubambo. Akutikumbutsanso kuti chikondi cha Mulungu chimafaniziridwa ndi cha mayi. Pa Yesaya 49:15 timamva kuti ngakhale mayi ataiwala khanda lake, Mulungu sangatiiwale. Choncho sitiyesa Mulungu ndi muyeso wa bambo athu. Bambo athu ndiwo ayesedwa ndi muyeso wa Mulungu.

Kwa inu makolo

Si onse olowa m'seminale amene adzadzozedwe unsembe. Mwana wanu akabwerako, kaya mwa kufuna kwake kaya wabwezedwa, mudzamulandira bwanji? Mukamulandira ndi mnyozo, adzaganiza kuti Mulungu nayenso wamutaya. Umwana wa Mulungu adaulandira pa ubatizo, osati pa chipata cha seminale.

Zoti tichite

1. Werengani fanizoli pang'onopang'ono, ndipo mudzifunse kuti mwa ana awiriwa inu ndinu uti.
2. Tsiku lililonse khalani mphindi 5 pamaso pa Ukaristia, osapempha kanthu, kungocheza ndi Atate.
3. Pitani ku sakramenti la kulapa monga mwana wobwerera kwawo, osati monga wakuba wopita kubwalo.

Luka sakutiuza ngati mwana wamkulu uja adalowa m'nyumba. Yesu adalekezera pomwepo, bambo ali chiimire panja. Yankho likudikira inu ndi ine.