Liwu Limodzi, Matanthauzo Ambiri: Phunziro pa Liwu Loti “Fine”

Patchuthi chapitachi malume anga adandiitana kuti ndiwawerengere kalata ya Chingerezi yokhudza golosale yawo, yomwe idapezeka yopanda chiphaso. Iwo adali ataona kale liwu loti “fine” m’kalatamo, choncho mtima udali m’malo. “Mphwanga, kodi apa sakuti zonse zili bwino?” adatero. Ndidawauza mwaulemu kuti liwulo limanena za chindapusa, ndipo tsiku lolipira lidali litayandikira.

Malume sadalakwe kwenikweni. Ambirife tidakumana ndi liwuli koyamba ku pulayimale poyankha moni wa aphunzitsi. Pamenepo limakhala mfotokozi ndipo limafanana ndi “well” kapena “okay”. Koma likakhala dzina limatanthauza chindapusa, ndipo mnzake ndi “penalty”. Likakhala mneni, ndiye kulipiritsa munthu wolakwa. Ponena za ufa kapena mchenga limatanthauza kusalala, pomwe ponena za ulusi limatanthauza kupyapyala, ngati “thin”.

Kodi matanthauzo otalikirana chonchi adakumana bwanji m’liwu limodzi? Yankho lili m’mbiri yake. Liwuli lidalowa m’Chingerezi kudzera m’Chifalansa, monga mawu ena ambiri omwe adalowa Anomani atagonjetsa England mu 1066. Gwero lake ndi liwu la Chilatini loti “finis”, kutanthauza mapeto. Chinthu chomalizidwa mwaluso chimakhala chabwino ndi chosalala, ndipo ndalama yolipira wolakwa imathetsa mlandu.

Ife Achichewa tisadabwe nazo, pakuti mneni woti “kutha” amachita chimodzimodzi. Timati “ntchito yatha”, “malaya atha”, “mwanayu amatha masamu”, komanso “wodwala uja watha”. Mwana wa ku Dedza sasokonezeka chifukwa amamva chiganizo chonse. Vuto limabwera tikamaphunzira chiyankhulo chachiwiri poloweza liwu limodzi ndi tanthauzo limodzi.

Mawu ofanana matanthauzo nawo salowana m’malo paliponse. “Okay” angayankhe moni, koma sangalowe m’kalata ya malume ija. “Penalty” angalowemo, koma sangafotokoze ufa. Choncho wophunzira, makamaka amene adzakhale womasulira kukhoti kapena kuchipatala, azifunsa kaye kuti liwu likugwira ntchito yanji m’chiganizo asanathamangire tanthauzo lomwe adaloweza.

Malume adalipira chindapusa chija nthawi isanathe. Masiku ano ndikawapatsa moni wa Chingerezi amaseka n’kuyankha kuti, “Ndili bwino, koma liwu lako lija usanditchulire.”