Khansa ya M'mawere Ingayambire Patali

Amayi anzanga, tikamva kuti mnzathu wa m'Chigwirizano wapezeka ndi khansa ya m'mawere, mafunso athu sapita patali. Timafunsana kuti kodi wadya chiyani, kodi chinamugunda pabere n'chiyani, ndipo ena amayamba kukayikira anansi. Phunziro la mwezi uno likutibweza m'mbuyo zaka zambiri. Madokotala ofufuza apeza kuti zina mwa zinthu zimene zimachulukitsa ngozi ya matendawa zimachitika mayi akali kamtsikana kosewera fulaye, mwinanso akali m'mimba mwa amayi ake. Pakati pa nthawi imeneyo ndi tsiku limene chotupa chimaoneka pamatha kupita zaka 40.

Bungwe la World Health Organization linawerengera kuti mu 2022 amayi pafupifupi 2.3 miliyoni anapezeka ndi khansa imeneyi pa dziko lonse, ndipo 670,000 anamwalira nayo. Kuno ku Zambia, mwa khansa zogwira amayi, ndi yachiwiri kuchokera pa khansa ya khomo la chiberekero.

Bere limakula liti?

M'thupi mwathu muli timadzi totchedwa mahomoni. Ndi tochepa kwambiri, koma timayenda m'magazi ngati amithenga ouza ziwalo chochita: apa kula, apa leka, tsopano panga mkaka. Mwa mahomoni a munthu wamkazi, odziwika kwambiri ndi estrogen. Ndiwo amene amatukula mawere a mtsikana akamatha msinkhu. Khansa zambiri za m'mawere zimakulanso ndi estrogen yemweyo, n'chifukwa chake mtsikana amene wayamba kusamba asanakwane zaka 12, kapena mayi amene wachedwa kusiya kusamba, ngozi yake imakwerako pang'ono.

Ambiri timaganiza kuti bere limayamba pa unamwali. Ayi. Limayamba kuumbika mwana akali m'mimba, mwezi wachiwiri wa pathupi usanathe. Kenako limakhala ngati lagona, n'kudzadzuka potha msinkhu, pamene timisempha ta mkaka timaphuka nthambi mofulumira. Limadzakhwima kwenikweni pa pathupi poyamba pamene pafika nthawi yake. Inu amene munaumbapo mbiya mukudziwa kuti dongo likakhala laliwisi, ngakhale chala cha mwana chimasiyapo chidindo chimene sichichokanso. Mbiya yootcha kale mungaikhudze bwanji, siisintha. Bere la khanda losabadwa ndi la mtsikana amene akukula ndi dongo laliwisi.

Vuto ndi lakuti pali mankhwala ena opangidwa m'mafakitale amene akalowa m'thupi amafanana ndi estrogen, kapena amatsekereza mahomoni enieni. Thupi limawalandira ngati mthenga weniweni, pamene uthenga wake ndi wabodza ndiponso wafika pa nthawi yolakwika.

Mapiritsi a DES

Umboni woyamba unachokera ku chipatala kwenikweniko. Mu 1938, ku England, Charles Dodds ndi anzake anapanga mankhwala otchedwa DES, amphamvu ngati estrogen. Madokotala a ku America ndi ku Ulaya anayamba kuwapereka kwa amayi oyembekezera pokhulupirira kuti amaletsa kupita padera. Mu 1953 kafukufuku wa ku Chicago anaonetsa kuti mapiritsiwo sathandiza konse, komabe anapitiriza kuperekedwa kwa amayi mamiliyoni. Mu 1971, dokotala wa ku Boston, Arthur Herbst, analemba za atsikana 8, a zaka 15 mpaka 22, amene anali ndi khansa ya njira ya chiberekero ya mtundu umene sunkaoneka mwa achitsikana. Atafunsa bwino, anapeza kuti amayi a 7 mwa iwo anamwa DES ali ndi pakati. Chaka chomwecho boma la America linachenjeza madokotala kuti aleke.

Nkhani sinathere pomwepo. Ana aakazi a amayi amenewa anapitiriza kutsatiridwa mpaka kukula. Lipoti la mu 2011 linaonetsa kuti kuyambira zaka 40 kupita m'tsogolo, pafupifupi 4 mwa 100 alionse anadwala khansa ya m'mawere, pamene mwa anzawo amene amayi awo sanamwe DES anali pafupifupi 2 mwa 100. Taganizani, amayi: anawo sanamezepo piritsi ngakhale limodzi. Ndipo amayi awo sanalakwe chilichonse, ankangofuna kupulumutsa pathupi pawo monga tikanachitira ife.

Magazi amene anasungidwa zaka 50

Nkhani yachiwiri ndi ya DDT, mankhwala ophera tizilombo amene anafala ku America kuyambira 1945. Ankawapopera m'minda, m'misewu ndi m'nyumba, ana akusewera mu utsi wake, mpaka analetsedwa kumeneko mu 1972. Mankhwalawa sachoka msanga m'thupi. Amakhala m'mafuta a munthu kwa zaka zambiri, ndipo amadutsa kuchoka kwa mayi kupita kwa mwana wa m'mimba.

Kwa nthawi yaitali ofufuza ankayeza DDT m'magazi a amayi achikulire amene apezeka kale ndi khansa, ndipo ambiri sankapeza kugwirizana kulikonse. Kunali ngati kufufuza mapazi a wakuba mvula itagwa kale kangapo. Mwayi unapezeka ku Oakland, m'dera la California. Kumeneko, pakati pa 1959 ndi 1967, amayi oyembekezera oposa 15,000 anapereka magazi awo, ndipo magaziwo anasungidwa oziziritsidwa. Patapita zaka zambiri, Barbara Cohn ndi anzake anawatulutsa n'kuwayeza.

Mu 2007 anafalitsa zimene anapeza. Mwa amayi amene anali asanakwane zaka 14 pamene DDT inafala, amene anali ndi mankhwala ambiri m'magazi anali pa ngozi yoposa anzawo kasanu yodwala khansa ya m'mawere asanafike zaka 50. Koma kwa amene anali atapitirira kale zaka 14, kusiyana kumeneku sikunaoneke. Mankhwala omwewo, dera lomwelo, chosiyana ndi msinkhu umene anakumana nawo.

Mu 2015 anaonanso ana aakazi pafupifupi 9,300 obadwa kwa amayi aja. Amene amayi awo anali ndi DDT yambiri ali ndi pakati, ngozi yawo inali yokwera pafupifupi kanayi. Apa tiwerenge modekha. Mwa ana onsewo, amene anapezeka ndi khansa pofika zaka 52 anali 118. Ochuluka zedi sanadwale. Kukumana ndi mankhwalawa si chigamulo cha imfa, kumangowonjezera katundu pa sikelo imene pali kale zinthu zina monga mtundu wa banja, mowa, kunenepa kwambiri mayi atasiya kusamba, ndi kukalamba kumene.

Nanga opopera udzudzu tiwabweze?

Ndikudziwa kuti wina wafunsa kale mumtima, chifukwa DDT si yachilendo kwathu kuno. Mu 2000 inagwiritsidwa ntchito popopera nyumba ku Chingola ndi ku Chililabombwe, ndipo malungo anatsika. Pangano la mayiko la Stockholm la mu 2001 linaletsa DDT pa ulimi, koma linailola pa ntchito yolimbana ndi udzudzu. Dziko la South Africa linaisiya mu 1996, malungo n'kukwera mpaka odwala anapitirira 60,000 mu 2000, ndipo linaibwezeretsa.

Maganizo anga ndi akuti musatseke chitseko. Malungo amapha mayi wapakati ndi mwana wake chaka chomwechino, osati patapita zaka 40. Kupopera makoma a nyumba kamodzi pachaka n'kosiyana kutali ndi mmene ankamwazira mankhwala paliponse ku America. Ndiponso a zaumoyo amasinthasintha mankhwala opopera, kotero muli ndi ufulu wofunsa dzina la amene abwera nawo. Chofunika ndi kutsatira malangizo onse, osati theka. Ufa, ndiwo, madzi akumwa, mbale, zofunda ndi zovala za mwana zituluke panja. Mukhale panja maola awiri, kenako mutsegule mazenera, ndipo wosesa asakhale mayi wapakati kapena kamtsikana. Zinyalala zake zikatayidwe m'chimbudzi kapena zikwiriridwe, nkhuku zisatole. Ndipo mankhwala amenewa asapezeke akugulitsidwa mobisa kuti athiridwe m'dimba kapena m'nkhokwe ya chimanga.

Zimene zili m'manja mwathu

Kumene ndikuona ngozi yaikulu ndi kumunda. Kuno kum'mawa timalima thonje, fodya ndi matimati, ndipo ena mwa mankhwala ophera tizilombo ndi udzu amasokoneza mahomoni. Endosulfan, amene ankathiridwa kwambiri pa thonje mu Africa, anaikidwa pa mndandanda wa mankhwala oletsedwa wa Stockholm mu 2011. Koma taonani mmene timachitira. Bambo akupopera, mayi wapakati ali pambuyo ndi ndowa ya madzi osungunulira. Mwana ali kumbuyo pa chitenje. Madzulo ovololo yonyowa ndi mankhwala imapatsidwa kwa mtsikana wa zaka 11 kuti achape ndi manja, pamodzi ndi yunifomu yake ya kusukulu. Chigubu chikatha timachitsuka n'kusungiramo mchere, mafuta ophikira kapena thobwa. Chigubu cha mankhwala sichiyera, ngakhale muchitsuke kakhumi. Chibooleni kuti wina asachitole, ndipo funsani alangizi a zaulimi kotayira kwake. Ntchito ya mankhwala, kuyambira kusungunula mpaka kuchapa zovala zake, isagwiridwe ndi mayi wapakati, woyamwitsa kapena mwana. Izi n'zofunika kukambirana ndi abambo kunyumba nyengo yopopera isanafike, osati tsiku lomwelo m'mawa.

Za mapulasitiki ndinene mwachidule. M'mapulasitiki ena olimba ndi m'kati mwa zitini muli mankhwala otchedwa BPA, amene amafanananso ndi estrogen. Umboni wake wambiri wachokera ku makoswe ndi mbewa za m'malo ofufuzira: ana ake akakumana nawo m'mimba, mawere awo amakula mosokonekera. Mayiko ena sanadikire. A European Union ndi South Africa analetsa BPA m'mabotolo oyamwitsira ana mu 2011. Kutentha ndiko kumatulutsa mankhwala m'pulasitiki. Choncho phala lotentha la mwana lipite m'kapu yachitsulo kapena yadongo, nsima isavundikiridwe ndi pulasitiki pamoto, ndipo tisiye kuyatsa mbaula ndi mapepala apulasitiki kapena kuotcha zinyalala zake pabwalo pamene ana akusewera. Utsi umenewo umakhala ndi poizoni wa dioxin.

Palinso mankhwala owongolera tsitsi. Kafukufuku wamkulu wa ku America wotchedwa Sister Study anapeza mu 2021 kuti amayi amene ankawongola tsitsi pafupipafupi ali ndi zaka 10 mpaka 13 anali pa ngozi yokwererapo yodwala khansa ya m'mawere asanasiye kusamba. Ofufuza ena anapeza kugwirizana kochepa, kotero nkhaniyi ikukambidwabe. Komabe kamwana ka giredi 5 kakusowa chiyani kuti tikawotche m'mutu chifukwa cha Khirisimasi? Kuluka kulipo. Alangizi, mawu awa alowe m'chilangizo, kwa atsikana ndi kwa amayi awo.

Musasiye kuyamwitsa

Mwina mwamva kuti DDT imapezekanso mu mkaka wa m'mawere. N'zoona, koma ubwino wa kuyamwitsa ukuposa kutali. Mkaka wa mayi umateteza khanda ku kutsegula m'mimba ndi chibayo, ndipo umatetezanso mayi mwini. Kafukufuku wa mu 2002, amene anaphatikiza zotsatira za m'mayiko 30, anapeza kuti miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa imatsitsa ngozi ya khansa ya m'mawere ndi pafupifupi 4 peresenti.

Kwa ife amene tinakula kale, zimene tinapuma ndi kudya paubwana sitingazibweze, ndipo palibe chifukwa chodzudzulira amayi athu. Chimene chatsala ndi kudziwa mawere athu. Kamodzi pamwezi, masiku ochepa mutatha kusamba, kapena tsiku limodzi lokhazikika kwa amene munasiya, yang'anani ndi kupapasa bere lonse mpaka m'khwapa. Chotupa, nsonga ya bere yolowa m'kati, magazi otuluka kunsonga, khungu lokhala ngati khoko la lalanje, chilonda chosapola: chilichonse mwa izi chipite ku chipatala sabata yomweyo. Chotupa cha khansa nthawi zambiri sichipweteka poyamba, ndiye musadikire ululu, ndipo musayambe mwatemerapo mphini. Zotupa zambiri zimapezeka kuti si khansa. Ngati adokotala akukayikira, amatenga kanyama kuti kakayezedwe, ndipo akhoza kukutumizani ku chipatala chachikulu monga cha Chipata, kapena ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chimene chinatsegulidwa mu 2007. Ulendo wa ku Lusaka ndi wautali ndiponso wodula kwa mayi wochokera ku Katete kapena ku Lundazi, ndipo ambiri amabwerera panjira chifukwa chosowa yokwerera ndi womuperekeza. Pa msonkhano wotsatira kambiranani kuti mnzanu akapatsidwa kalata yotere, ndalama ya basi idzachokera kuti, ndipo ndani adzapite naye.