Tsamba Lopindika Silinafe

M'cipululu ca Sonoran, ku Arizona m'dziko la America, mumamera kazomera ka maluwa kochedwa lupine. Nthaka ikakhala ndi cinyezi, masamba ake amatsata dzuwa kucokera kum'mawa kufikira kumadzulo, kuti kakule msanga mvula isanathe. Koma nthaka ikauma, masamba omwewo amatembenuka nalozetsa m'mphepete mwake ku dzuwa.

Kodi amatero cifukwa ninji? Tsamba liri lonse liri ndi tizibowo tosaoneka ndi maso. Mpweya umalowera m'menemo, ndipo madzi amatulukiranso momwemo. Tsamba likatentha kwambiri, madzi amatha msanga. Pamene tsamba limagwirana ndi phesi pali kamfundo kotupa; madzi akacepa mbali imodzi ya kamfundoko, tsamba limapendekeka. Motero cimene cimayendetsa tsamba ndi madzi.

Sitifunikira kupita ku America kuti tione zimenezi. M'cigwa ca Luangwa muli mtengo wa mopane, umene ena amati tsanya. Tsamba lake liri ngati mapiko a gulugufe, ndipo dzuwa likafika paliwombo mapikowo amatsekana. Ndico cifukwa cake mthunzi wake sukhutiritsa wapaulendo. Khobwe m'munda mwanu acita cimodzimodzi.

Tsopano tibwere ku cimanga. M'cilala ca 1992, ndiponso ca 2024, ambiri a ife tinaona masamba ake atapindika ngati a anyezi. Kupindika kwa masana sikuopsa kwenikweni ngati madzulo masamba afunyululuka. Nthawi yabwino yoyendera munda ndi m'mamawa. Mukapeza masamba ali cipindikire dzuwa lisanatuluke, dziwani kuti pansi madzi atha.

Cinthu covuta ndi ici: cimanga sicidziwa kudikira. Ng'amba ikagwa pamene cikutulutsa ngayaye ndi ndevu, mungu umauma, ndevu zimacedwa, ndipo cisononkho cimakhala ndi njere zowerengeka ngakhale mvula ibwerenso. Mapira ndi osiyana. Masamba ake ali ndi phula loyera lotchinjiriza madzi, mizu yake ndi yambiri, ndipo akhoza kuleka kukula kwa kanthawi nkuyambanso mvula ikagwa. Ena amawanyoza kuti ndi cakudya ca makolo, komanso mbalame zimabvutitsa. Komabe banja liri lonse licita bwino kupatula kacigawo ka munda kubzalamo mapira ndi khobwe, ndi kusiya mapesi pansi osawatentha, kuti nthaka isaume msanga.