ZA UMOYO WATHU: Mutu wa Galu ndi Ngozi ya Kulumidwa Kumaso

Sabata ino, owelenga athu, tikamba za mutu wa galu. Mwina mudabwa kuti nkhani ya ziweto yalowa bwanji pa tsamba la umoyo. Cifukwa cake n'cakuti agalu aculuka m'makomboni mwathu, ndipo ana amene amabwela nawo kucipatala atalumidwa, ambili amakhala ndi zilonda kumaso, kumutu kapena m'khosi.

Tiyambe ndi cinthu cimene mumacidziwa. Mukagula mutu wa mbuzi kumsika, muutsegule pakamwa muone. Kutsogolo kumwamba kulibe mano, kuli cabe nkhama yolimba. Ng'ombe nayo ili cimodzimodzi. Nsagwada za nyama zimenezi zimayenda cam'mbali, kupela udzu monga mphelo. Galu sali telo. Nsagwada zake zimangotseguka ndi kutsekeka monga citseko. Galu wamkulu ali ndi mano 42, pamene munthu ali ndi 32. Mano anai aatali osongoka ndi obaya ndi kugwila, ndipo akuluakulu a m'mbali amadutsana monga sizala, kudula nyama.

Mphamvu yoluma imacokela ku minofu iwili ikuluikulu mbali iliyonse. Gwilani pa tsaya lanu ndi pambali pa mutu, pamwamba pa khutu, kenaka lumani mano. Mumva minofu ikutukuka. Kwa galu, mnofu wa pamwambawo ndi waukulu kwambili, umakuta pafupifupi mbali yonse ya cigaza, ndipo agalu ambili ali ndi kamzele ka fupa kotukuka pakati pa mutu pamene mnofuwo umagwila. Ndiye cifukwa cake galu amaphwanya fupa la ng'ombe limene inu mwalephela.

Tsopano ganizilani mano amenewa pa nkhope ya mwana wa zaka zitatu. Msinkhu wake ndi wofanana ndi galuyo, motelo nkhope ndiyo imakhala pafupi. Cigaza ca mwana n'copyapyala, dzino likhoza kuboola. Pansi pa khungu la tsaya pamadutsa mtsempha woyendetsa milomo ndi zikope, ndipo ukaduka kamwa limapotoka, nthawi zina diso silitsekeka. Komanso kabala ka dzino kamanamiza: kunja kang'ono, mkati kakuya, minofu yotswanyika ndi malovu a galu ali momwemo.

Koma coopsa kopambana ndi ciwewe. Kacilombo kake kamakhala m'malovu, ndipo sikayenda ndi magazi. Kamakwela pang'onopang'ono m'mitsempha mpaka kukafika ku ubongo. Kawilikawili pamapita miyezi iwili kapena itatu matenda asanaonekele, koma cilonda cikakhala kumaso njila imafupika, ndipo nthawi zina sabata imodzi kapena ziwili zimakwana. Zizindikilo zikangoyamba, pafupifupi wodwala aliyense amamwalila. Bungwe la World Health Organization limati anthu pafupifupi 59,000 amafa ndi ciwewe caka ciliconse, ambili mu Africa ndi Asia, ndipo anai mwa khumi alionse ndi ana osafika zaka 15.

Nkhope ya galu imatiuza zambili. Galu wabwinobwino akafuna kuluma amacenjeza: amakweza milomo, mano poyela, mphuno yakwinyika, thupi lauma. Phunzitsani ana kuti akaona zimenezi asathamange kapena kukuwa, aime cilili, manja pansi, osamuyang'ana m'maso. Asamam'psompsone galu, ndipo asamusokoneze pamene akudya kapena ali ndi tiana.

Galu waciwewe sikuti nthawi zonse amathamanga uku ndi uku kuluma anthu. Pali mtundu wina wa zii umene umapusitsa ambili. Matenda amafoola minofu ya nsagwada ndi ya kukhosi. Cibwano cimalendewela, lilime limatuluka, dovu likungotsika cifukwa sangameze, ndipo kuuwa kwake kumasintha. Mwini galu amati, "Fupa lamutsamwa," ndiye amapisa dzanja m'kamwa kuti alicotse. Conde musacite zimenezi. Kabala kang'ono pa cala ndi khomo lokwanila. Ng'ombe yaciwewe imaonekanso ngati yatsamwa, choncho uzani abale a kumudzi. Itanani a vetenale.

Munthu akalumidwa, tsukani cilonda nthawi yomweyo ndi sopo ndi madzi ambili othila kapena a pampopi kwa mphindi 15. Inde, mwana adzalila, koma mphindi 15 zikwane, cifukwa sopo amawononga kacilomboko. Sopo wocapila zovala ali bwino. Musaikepo tsabola, mafuta a galimoto, mankhwala acikuda kapena phulusa la ubweya wa galuyo monga ena amacitila. Phimbani ndi nsalu yoyela ndipo pitani kucipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku. Musadabwe tikapanda kusoka cilonda mwamsanga, kusoka kumatsekela dothi mkati. Ca kumaso timaciona mwapadela.

Acikulile ambili amaopa cifukwa amakumbukila nyeleti zambilimbili za pamimba. Zimenezo zinatha. Katemela wa masiku ano amalasa pa mkono, kapena pa nchafu kwa khanda, kangapo cabe pa masiku oikika. Pa zilonda zakuya ndi za kumutu pamafunikanso mankhwala ena olasa m'cilonda mwenimwenimo. Timaonanso za kafumbata. Masiku amene mwalembeledwa pa khadi musawadumphe, olo cilonda citapola.

Galuyo ngati adziwika, amangidwe ndi kuyang'anilidwa kwa masiku 10, koma inu yambani katemela, musayembekeze. Akafa kapena akaphedwa, musataye mutu wake ndipo musaugwile ndi manja. A vetenale amaufuna, popeza ciwewe amacipima mu ubongo. Ndipo ngati galu ndi wanu, bwelani ndi khadi lake la katemela.