Mkazi Amene Anabaya Mkango

Anzanga, makamaka inu anyamata a mabenchi a kumbuyo amene munandiseka teremu yatha mutandipeza pansi pa mtengo wa mango ndikuwerenga "buku la zibwenzi", lero ndabwera kudzayankha mlandu. Munati mwamuna wa Fomu 4 sawerenga zotere mayeso ali pakhomo. Chabwino. Koma imani kaye pompo muwerenge mpaka pansi, chifukwa zina mwa izi mudzazifuna m'chipinda cha mayeso.

Buku lija dzina lake ndi Mhudi. Analemba ndi Sol Plaatje wa ku South Africa, yemwe anali mlembi wamkulu woyamba wa bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1912 ndipo lero timalidziwa kuti ANC. Bukuli linasindikizidwa mu 1930, koma nkhani yake ikuchitika zaka pafupifupi 100 m'mbuyo mwake, m'zaka za m'ma 1830. Ndiye mtundu wa mabuku amene ndikukamba: nkhani yopeka ya chikondi, koma yoikidwa m'nthawi yeniyeni ya m'mbiri, mafumu ake enieni, nkhondo zake zenizeni.

Nkhani imayamba ndi msonkho. Mfumu ya Abarolong inapha amithenga awiri a Mzilikazi, mfumu ya Amandebele, amene anabwera kudzatolera msonkho. Mzilikazi anatumiza asilikali ndipo mudzi waukulu wa Kunana unatheratu usiku umodzi. Mnyamata wina, Ra-Thaga, anapulumuka. Mtsikana wina, Mhudi, anapulumukanso payekha. Aliyense ankayendayenda m'tchire akuganiza kuti mtundu wake wonse watha, watsala ndi iye yekha. Tsono tangoganizani, masiku ambirimbiri osamva mawu a munthu, kenako n'kukumana ndi munthu wolankhula chiyankhulo cha kwanu! Ndi mmene awiriwa anapezerana. Panalibe ankhoswe, panalibe chinkhoswe, panalibe ndi wowaimbira nthungululu yemwe.

Apa ndi pamene pali phunziro loyamba. Aphunzitsi akamati tifotokoze malo ndi nthawi ya nkhani, ambirife timangolemba kuti "m'mudzi, kalekale" basi, n'kudikira malikisi. M'mabuku a mtundu uwu malo ndi nthawi si zokongoletsa ayi. Ndi zimene zimapanga nkhaniyo. Chotsani nkhondo ya Mzilikazi, ndiye kuti Mhudi ndi Ra-Thaga sakumana n'komwe. Mbiri ndi imene imawakumanitsa, ndipo mbiri yomweyo ndi imene imafuna kuwalekanitsa. Mukamawerenga muzidzifunsa kuti: n'chiyani chaima pakati pa awiriwa? Mukapeza kuti ndi nkhondo, lamulo la boma, njala, chipembedzo kapena mwambo wa nthawi imeneyo, mwapeza kusamvana kwa nkhani yonse.

Nanga n'chifukwa chiyani Mhudi sachoka m'mutu mwanga? Si kukongola. Nkhope yake sindingakufotokozereni n'komwe. Ndimamukumbuka chifukwa cha zimene anachita. Tsiku lina Ra-Thaga anagwira mkango kumchira, ndipo amene anatenga mkondo n'kuubaya ndi Mhudi. Eetu, mkazi. Komanso iye ndiye amaona patali kuposa mwamuna wake. Ra-Thaga ndi wolimba mtima koma amakhulupirira anthu msanga. Mkazi wake akamuchenjeza za munthu wina iye samva, mpaka anatsala pang'ono kufa ku ulenje. Ra-Thaga atapalana ubwenzi ndi Mabunu kuti athandizane kumenya Mzilikazi, Mhudi ndiye anaona mmene Mabunuwo ankazunzira antchito awo, mtima wake sunakhazikike. Plaatje ankalemba izi lamulo la malo la 1913 litalanda kale anthu akuda minda yambiri, ndiye owerenga ake ankadziwa bwino kuti mayiyu sankaopa zachabe.

Phunziro lachiwiri ndi limenelo. Funso likati "fotokozani khalidwe la mpangankhani", musamangoti "ndi wolimba mtima" n'kusiyira pomwepo. Nenani chimene anachita, pamene anachichitira, ndi chimene akanataya. Mpangankhani wokumbukika ndi amene wasankha chinthu chomuwawa. Ndipo amafunika akhale ndi pofooka pake, ngati Ra-Thaga ndi makutu ake ogontha aja. Munthu wopanda chilema chilichonse amatopetsa, ngakhale m'buku.

Azungu nawo ali ndi zawo. Walter Scott wa ku Scotland anatulutsa Ivanhoe mu 1819, nkhani ya m'nthawi ya mfumu Richard woyamba wa ku England. Ivanhoe amakwatira Rowena pamapeto, koma owerenga ambiri mtima wawo unatsalira kwa Rebecca, mtsikana wachiyuda amene anamuchiritsa mabala, n'kunamiziridwa ufiti, n'kuchoka m'dzikomo wopanda mwamuna amene ankamukonda. Chinawalekanitsa ndi chipembedzo ndi tsankho la nthawiyo. Zaka 200 zadutsa koma wotayayo ndi amene akukumbukikabe.

Chenjezo limodzi lokha. Buku lotere si noti za Histole. Thomas Mofolo wa ku Lesotho analemba Chaka m'Chisotho, losindikizidwa mu 1925, ndipo muli mkazi wotchedwa Noliwa amene Chaka amamupha pofuna ufumu waukulu. N'zomvetsa chisoni kwabasi, koma ndi luso la mlembi. Mukakalemba za Noliwa pa funso la Mfecane, aphunzitsi akudulani ndi cholembera chofiira, musadzati sindinanene.

Komabe bukuli landithandiza pa Histole yomweyo. Kale Mzilikazi ndi Zwangendaba anali mayina ongoloweza. Tsopano ndikamva zoti Angoni a Zwangendaba anawoloka Zambezi mu Novembala 1835, tsiku la kadamsana, ndimaganiza za anthu amene anali m'njira mwawo. Chipwirikiti chimene chinawotcha Kunana n'chomwecho chimene pambuyo pake chinafika kuno kuchigawo chapakati, makolo athu Achewa n'kumamanga malinga kuzungulira midzi kapena kuthawira kumapiri. Ndiye kuti kwathu konkuno kunali a Mhudi athu. Anawalemba ndani?

Samuel Ntara, mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma, anayesetsa mbali yake. Nthondo, amene tonse tikulimbana naye, anapambana mphoto mu 1933 ndipo T. Cullen Young anamumasulira m'Chingerezi mu 1934 pa dzina loti Man of Africa. Ntara yemweyo analembanso Mbiri ya Achewa ndi Msyamboza, mbiri ya mfumu ina ya ku Dowa, pafupi pompa. Koma mtima wa Nthondo uli pa kusintha kwa munthu mmodzi, kuchoka pa umbava kufika pa ufumu ndi Chikhristu. Si nkhani ya anthu awiri okondana. Legson Kayira mu Jingala, la 1969, anafikako pafupi: nkhalamba yodikira kukwatira kamtsikana, kamtsikanako n'kuthawa ndi mwamuna wobwera kumigodi.

Mawu oti kumigodiwa ndi amene anandikumbutsa agogo anga aakazi. Loweruka lina tikutong'ola chimanga pakhonde ndinawasimbira za Mhudi. Anamvetsera mpaka pa mkango paja, kenako anaseka.

"Amuna anga," amandiitana choncho akafuna kundinyogodola, "mkango umenewo ndi wa tsiku limodzi. Wanga unali wa zaka."

Agogo aamuna anapita ku Joni ndi Wenela atangokwatirana kumene, mwana woyamba ali m'mimba. Anali mkamwini, ndiye anasiya mkazi pakati pa abale ake a mkaziyo. Makalata ankabwera mwa apo ndi apo, ndipo poti agogo sanapite kusukulu, ankawawerengera ndi munthu wina. Taganizani, mawu a mwamuna wako kuwamvera pakamwa pa mwana wa eni! Poyankha ankanenanso zokhazo zimene munthu anganene pamaso pa wolembayo: mvula yagwa, mbuzi yaswa, mwana wayamba kukwawa. Zinazo zinkatsalira mumtima.

Ndiye mu Epulo 1974 ndege yonyamula anthu ochokera kumigodi inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Boma la Kamuzu Banda linaletsa Wenela kulembanso anthu kuno. Uthenga unafika m'mudzi ulibe mayina. Makalata nawo anasiya. Miyezi inadutsa. Malume awo a agogo, mwini mbumba, anayamba kunena kuti kaya munthuyo anafa kaya watchona, mwana wawo sangakalambe akudikira mphepo. Panali bambo wina wa fodya wambiri ndi ngolo yake amene anali atatumiza kale mawu.

"Ndiye munatani, agogo?"

"Ndinawauza amalume kuti andionetse manda kaye."

Kuyankha malume ako chotero, nthawi imeneyo, uli mtsikana wodya nsima ya pakhomo pawo! Anawatcha wamwano. Anzawo kuchitsime ankawaseka. Munda analima okha dzinja lonse, mwana kumsana. Agogo aamuna anatulukira chaka chotsatira, ataonda, atanyamula sutikesi, bulangete ndi wailesi. Sanali m'ndege ija. Anagona m'chipatala nthawi yaitali mwala utawaphwanya phazi, ndipo mpaka imfa yawo ankayenda motsimphina. Ine ndinkangoona kutsimphinako osadziwa kuti kuli ndi nkhani.

Taonani tsono, zonse zija zilipo: malo ndi nthawi, chinthu choima pakati pa awiri, mpangankhani wosankha chomuwawa, ngakhale pampondachimera pake, paja pa manda. Changosowa ndi wolemba. Ndipo m'midzi yathu yonseyi, kuyambira kuno kwa Chitukula mpaka ku Nsaru, Kabudula ndi Namitete, muli nkhani zotere za njala ya 1949, za matenanti a fodya ku Mbabzi, za amene anapita ku Halale osabwerako. Eni ake akutha mmodzimmodzi. Agogo anga chaka chino ayamba kusokoneza mayina a zidzukulu.

Ine ndagula kope la masamba 80 ndipo ndalemba kale masamba 11. Amene akufuna Mhudi andipeze Lachisanu tikaweruka, koma chikuto chake n'chomatamata ndi selotepi, ndiye musachipinde. Inu a mabenchi a kumbuyo, mmodzi wa inu wabwera kale kudzabwereka mwakabisira. Dzina sinditchula.