Kuvundika khofi: zimene zimachitika m'thanki

Khofi wa ku Malawi kuno ndi wa mtundu wa Arabica, ndipo amakonda malo okwera ndi ozizira. N'chifukwa chake alimi ang'onoang'ono amamulima ku mapiri a Misuku ku Chitipa, ku Phoka m'boma la Rumphi, ku Viphya, kumtunda kwa Nkhata Bay ndi ku Mzimba. Ambiri mwa alimiwa amagulitsa kudzera m'makopaletivi a Mzuzu Coffee. Mbande imatenga pafupifupi zaka zitatu kuti iyambe kubereka. Koma thukuta la zaka zitatuzo likhoza kupita pachabe m'masiku awiri okha, kuyambira tsiku lothyola.

Thyolani zipatso zofiira zokhazokha. Zobiriwira zimawawitsa khofi, zakuda zopsa kwambiri zimamununkhitsa. Ana akamathandiza kuthyola, muziona m'dengu mwawo, chifukwa iwo amangofuna lidzadze msanga. Mukafika nazo pa makina ochotsa makoko, zithireni m'madzi. Zoyandama ndi mphwephwa kapena zofumbwa, ziikeni padera. Zomira zichotsedwe makoko tsiku lomwelo. Zipatso zogona m'thumba la pulasitiki zimatentha n'kuyamba kuola musanadziwe.

Makoko akachoka, njere zimatsala ndi utomoni woterera wotsekemera. Utomoniwu suchoka ndi madzi okha. Njere zimaikidwa m'thanki, ndipo tizilombo tosaoneka ndi maso, tokhala pa chipatso pomwepo, timadya shuga wa mu utomoniwo mpaka umasungunuka. Kumeneku ndiye kuvundika. Amayi amene amaviika mphale akudziwa kale nkhaniyi: mukavuula msanga mphale siifewa, mukachedwa ufa umanunkha.

Nanga n'maola angati? Nthawi zambiri ndi pakati pa maola 12 ndi 48. Kukatentha khofi amavunda msanga. M'chisanu cha Juni ndi Julaye, chimene chimagwa pakati pa nyengo yokolola, amachedwa. Choncho wotchi yokha isakunamizeni. Tapani njere zodzadza dzanja, zitsukeni, zifikiseni. Zikamatererabe, dikirani. Zikakhakhala m'manja n'kumachita phokoso pokhulana, zatheka. Ena amazika ndodo yoyera pakati pa mulu n'kuizula. Dzenje likatsala osagumuka, khofi wavunda. Zikatero, ngakhale kutakhala kuti kukuda, tsukani. Musati tiona mawa.

Tsopano mverani chenjezo ili, chifukwa apa ndi pamene alimi ambiri amataya ndalama. Njere imodzi yotsalira pa ngodya ya thanki kapena m'mano a makina imapitiriza kuvunda mpaka kuola. Mawa ikasakanikirana ndi khofi watsopano, imauma naye limodzi ndipo ndi maso simungaizindikire bwino. Koma akatswiri olawa khofi, amene amakazinga ndi kulawa asanaike mtengo, amaimva. Kapu ikanunkha zowola kapena vinega, khofi yense wa gulu lanu amatsika giredi, ndipo amene anasamala amalangidwa pamodzi ndi amene anachita ulesi. Tsukani thanki ndi burashi tsiku lililonse. Tsukaninso makina, mabeseni ndi ngalande. Madzi akhale oyera, oti inuyo mukhoza kusamba nawo kumaso. Sopo wonunkhira ayi.

Khofi atsukidwe kangapo mpaka madzi ayere, kenako ayanikidwe pa thandala lokwera la waya, mpweya uzidutsa pansi. Pa dothi ayi, pa dwale pamene pamayenda mbuzi ndi nkhuku ayinso. Mwazani mopyapyala, muzitembenuza pafupipafupi, uku mukutola njere zosweka ndi zakuda. Dzuwa likakhala paliwombo mfunditseni kuti chikopa choyera cha njere chisang'ambike, usikunso mfunditseni kuopa mame. Kuyanika kumatenga sabata imodzi kapena ziwiri. Chinyezi chiyenera kutsika kufika pa 11 kapena 12 peresenti. Ngati palibe kachipangizo koyezera, sendani njere muilume. Yosauma imalowa dzino, youma imalimba gwa.

Palinso njira ina, yoyanika zipatso zathunthu ndi makoko awo omwe. Siifuna madzi ambiri, ndipo khofi wake amamveka kukoma kwa chipatso. Koma imatenga masabata atatu kapena anayi, ndipo mukangozengereza kutembenuza, nkhungu yalowa. Masiku ano ogula ena akunja amafunanso khofi wovundikidwa m'migolo yotsekedwa mosalowa mpweya. Zimenezo muyambe mwapeza wogula ndi mlangizi, musayesere pa zokolola zanu zonse.

Makoko musataye. Pamafunika makilogalamu 5 kapena 6 a zipatso kuti papezeke kilogalamu imodzi ya khofi wogulitsa kunja, ndiye onani kuchuluka kwa zotsala. Aunjikeni aole, adzakhala manyowa a m'munda momwemo, poti feteleza wadula. Madzi otsukira ndi osasa ndipo amapha nsomba. Akumbireni dzenje kutali ndi mtsinje, poti kumunsi kuli anzanu amene akutunga madzi akumwa.

Khofi wouma amakoka fungo la chilichonse chimene wayandikana nacho. Muikeni m'matumba oyera, osati amene munali feteleza, ndipo musanjike pa matabwa, osagunda khoma. M'chipindamo musakhale utsi, palafini, fodya, anyezi kapena usipa.