Zikho za nyanga zosema asilikali a ku America

Kodi tikunena za nkhondo ziti?

Ziwiri za ku North America: ya Angerezi ndi Afalansa ya 1754 mpaka 1763, ndi chiyambi cha nkhondo ya ufulu wa America mu 1775. Zambiri zimene zatsala lero ndi nyanga zosungiramo wonga wa mfuti. Zikho zomwera zilipo zochepa, koma luso lake n'limodzi.

Munthu ali pankhondo, nthawi yosema ankaipeza kuti?

Nkhondo imachuluka kudikira kuposa kuwombera. Asilikali a George Washington anazinga mzinda wa Boston mpaka Malichi 1776, ena atakhalapo miyezi 11. Alimi ozolowera ntchito zamanja sakanangopinda manja mumsasa.

Bwanji nyanga?

Inkapezeka mosavuta, poti ng'ombe zinkaphedwa kudyetsa asilikali. Ndi yopepuka, sichita dzimbiri, ikagwa sisweka msanga ngati galasi.

Ankapanga bwanji?

Ankaiwiritsa kuti fupa lam'kati lichoke, n'kudula chigawo cha pakati. Kenako kupala ndi mpeni mpaka isalale. Povuta panali pansi. Ankatenthetsa mbali yopapatiza kuti ifewe, n'kulowetsamo kachidutswa kozungulira ka nyanga kapena thabwa. Ikamazizira inkagwira kachidutswako zolimba. Akalakwitsa apa, mowa wonse unkathera m'manja. Zithunzi ankazokota ndi nsonga ya mpeni, n'kupakamo mwaye wosakaniza ndi mafuta kuti mizere ide.

Ankazokotapo chiyani?

Choyamba dzina, chaka ndi malo, kuti mnzake asaitenge n'kumati ndi yake. Pambuyo pake zombo, agwape, malinga, mwina mapu a mtsinje wa Hudson. Zilembo zina n'zopotoka, zina zoiwalika n'kuziphatika pamwamba, ndipo kwa ine izi ndizo zosangalatsa. Wosadziwa kulemba ankalipira mnzake waluso. Mmodzi wa akatswiriwo anali John Bush, msilikali wakuda wa ku Massachusetts, amene ankazokota nyanga za wonga ku Lake George cha m'ma 1755 ndi 1756.

Ungamweremo tiyi wotentha?

Ayi. Kutentha kumafewetsa nyanga ndipo kumadzutsa fungo. Zinali za madzi ndi mowa.

Zonse zogulitsidwa masiku ano n'zenizeni?

Kutalitali. Ena amatenga chikho chakale chopanda kanthu n'kuzokotapo dzina ndi chaka kuti mtengo ukwere. Odziwa amayang'ana ngati mizere yaperepeseka mofanana ndi nyangayo, kenako amafufuza dzinalo m'kaundula wa asilikali a nthawiyo.